Anachotsa Dzina la Tada

Ndili mu shopu yokonza makompyuta, koma mipando yake ndi mabenchi a m'tchalitchi. Laputopu ya mkazi wanga Tadala ili pathebulo, ndipo mayi wina wovala yunifolomu ya anamwino akulowetsamo sisitemu yatsopano ndi jakisoni.

"Yatheka, bambo. Tayesani."

Ndikulemba dzina la pulogalamu yosunga mawu amene Tadala ankanditumizira. Anaitcha yekha kuti Tada. Kompyuta ikuyankha kuti dzinalo kulibe.

"Mayina tinasintha onse," akutero mayiwo uku akupukuta m'manja. "Pano imatchedwa Malemu. Zam'kati ndi zomwe zija."

"Munafunsa ndani?"

"Aaa, inunso bambo, ndi sukulu yanu yonseyo? Zinthu zimapita patsogolo."

Ndikuwauza modekha kuti posintha dzina, lakale salifafaniza tsiku lomwelo. Amalisiya kuti woitana lakalelo azilozeredwa kwatsopano. Ngakhale siteji ya minibasi ikasamuka, pamatsala munthu wouza anthu kolowera. Iwo akungoseka, akundilozera mzere kumbuyo kwanga: apongozi, abusa, anzanga a kuntchito, aliyense ndi laputopu yake. Onse akulemba Malemu ndipo zawo zikutseguka. Ndikumumva Tadala m'makina mwawo, akufunsa ngati ndakumbukira kugula anyezi.

"Ingolembani," akutero mayi aja. "Zilembo sikisi zokha, mumvenso mawu a akazi anu."

Ndikulembanso Tada. Kulibe. Ndikubwereza, ndipo mabatani akuthothoka limodzilimodzi ngati njere za chimanga, n'kumagwera pansi pa benchi.

Ndadzuka kutulo nditaluma mano, koma dzina lawolo sindinalembe.