Atate Anga M'televizawu ya a Jowakimu

Mpaka lero ndikamva fungo la madzi a bateriya, lija loluma m'mphuno ngati ndimu wowola, ndimakumbukira atate anga. Ine Matiyasi wa ku Nkholongue, amene ndikaitana munthu pa doko amandimva ngakhale mphepo ikuwomba, sikola ndinailekeza pa teriseira, kalasi yachitatu. Koma nkhani iyi ndiilemba ndekha, zilembo zikhote zisakhote.

Inali nyengo ya mwera, ine ndili kamnyamata kosatha kukoka khoka. Atate anapita kukapha usipa ndi anzawo, bwato linagubuduzika, anzawo anasambira mpaka kumtunda, koma iwo ayi. Amuna anafunafuna m'miyala ndi m'mabango, asilikali a pamadzi a ku Metangula anazungulira ndi boti lawo. Anangotola nkhafi. Pakhomo pathu usipa unaolera pa thandala, ntchentche zili ng'waa, ndipo amama ankakhala kuseri kwa nyumba ndi chinangwa chimodzi m'manja, osachisenda, osachitaya.

Amalume a Yohane anatsika kuchokera ku Maniamba ndi fumbi lofiira m'miyendo. Anati mwera ukangotha tidzadula thunthu la nthochi, tidzalikulunga m'nsalu ya atate n'kuliika m'manda, monga timachitira kwathu munthu akatsalira m'madzi. Ine mtima unangoti phwii. Anyamata anali atandiuza kale kuti mfiti ikatenga munthu kuti akhale ndondocha yoigwirira ntchito, pamphasa imasiyapo thunthu la nthochi. Abale akangolikwirira, basi, munthuyo sabwereranso.

Chaka chimenecho a Jowakimu, oyandikana nafe, anali atabwera kuchokera ku Joni ndi injini ya boti, televizawu, ndi kabokosi kotuwa ka masewera kokhala ndi mfuti ya pulasitiki pa chingwe. Magetsi kunalibe, zonse zinkayaka ndi bateriya ya galimoto. Mwana wawo Zito anaika lamulo: wosenza bateriya kukaidzazitsa moto ku Metangula ndi amene agwire mfuti. Enafe tinkangothithikana pansi, m'chipinda chonunkha petulo ndi thukuta, zenera atalitseka ndi chiguduli.

M'galasimo munali tauni ya azungu yodzaza anthu akufa oyenda. Khungu lobiriwira, manja patsogolo, akubuula ngati ng'ombe yodwala. Ukaloza mfuti n'kukoka, ankagwa. Zipolopolo zikatha unkaloza kumbali n'kukokanso. Ukadutsa misewu unkafika pa doko, pali migolo ndi maukonde, ndipo kuseri kwa migoloyo kunatuluka mmodzi wamtali, atavala vesiti yofiira yong'ambika paphewa, madzi akuchucha, akukoka mwendo umodzi. Atate anali ndi vesiti yotero. Atate ankakoka mwendo choncho chiwalumireni ng'ona ali mnyamata.

"Zito, usaombe!" ndinakuwa.

"Wapenga iwe? Ameneyu ndiye amaluma msanga."

Anaomba, munthuyo anagwa. Ndinatuluka ndikusanza. Koma mawa lake, pa migolo pomwe paja, anadzukanso ali wathunthu. Apo ndinatsimikiza kuti ndi atate, chifukwa ndondocha siifa ndi mfuti. Ndipo kodi boti la a Jowakimu silinkabwera lodzaza chaka chimenecho, pamene ena ankabwera ndi madzi okhaokha?

Kuyambira pamenepo bateriya ija inakhala yanga. Funsani aliyense wa msinkhu wanga, akuuzani kuti palibe mwana anaisenza ngati ine. Ndinkapinda nkhata ya nsanza, kutwika bateriya pamutu, n'kuuyamba wa ku Metangula wapansi, mphepo ikundikankha, mchenga ukulowa m'maso. Madzi ake ankadontha. Anadya malaya anga, anandithothola tsitsi mbali imodzi, paphewa panatuluka zilonda. Sindinasamale. Mfuti ikakhala m'manja mwanga, atate anali otetezeka.

Ndipo kuomba ndinkakudziwa, musandione apa. M'misewu muja ndinkawagwetsa onse, wina asanatambasule dzanja. Koma ndikafika pa doko ndinkatsitsa mfuti. Iwo ankabwera, akukoka mwendo, mpaka nkhope itadzaza galasi lonse. Ine ndinkanong'ona kuti, "Atate, ndine Matiyasi." Ankandikanda, galasi linkafiira, masewera n'kuthera pomwepo. Anyamata ankagubuduka ndi phwete.

"Mwamuna wa pakamwa! Akafika pa doko, mkodzo!"

Tsiku lina onse atatuluka, ndinazungulira kuseri kwa televizawu. Kunali timabowo totuluka mpweya wofunda, wonunkha fumbi lopserera, ndipo mkati munkaoneka kamoto kakang'ono. Ndinaika pakamwa pamenepo n'kuwauza atate zonse, kuti amalume asankha kale nthochi yake, kuti afulumire. Munangomveka kulira kwa nyenje. Nditawauza amalume kuti a Jowakimu ndi amene atenga atate, anandigwira khutu n'kunena chapansipansi kuti ndikatchulanso dzina la a Jowakimu pa nkhani yotere, ndidzagwetsera banja lonse pa mlandu.

Mwera unatha. Loweruka lina m'mawa nyanja inangoti zii, ndipo thunthu lija linadulidwa. Ndinaliona ndi maso anga likudontha utomoni, akulikulunga m'nsalu ya atate ya ku tchalitchi. Azimayi a mpingo anayamba nyimbo, akatekisiti anatsegula buku. Ine ndinadzigwetsa pa miyendo ya amama, ndipo mawu angawa, amene mumati ndi aakulu lero, tsiku limenelo anaposa nyimbo.

"Amama, musalole! Atate alipo, ndimawaona! Akakwirira nthochiyi sabweranso! Tiyeni mukaone nokha!"

Amalume anadzuka kuti andichotse. Koma amama anaimirira, mkazi wofedwa amene sayenera kusuntha pamphasa, nandigwira dzanja. Tinayamba ndi kuyenda, kenako ndinazindikira kuti akundikoka ndi iwo. Ankathamanga. Mpango wawo unagwa m'njira, osautola.

Titafika kwa a Jowakimu, Zito anayatsa televizawu. Ndinagwira mfuti, ndipo ndinalambula misewu yonse mpaka pa doko. Ndinatsitsa mfuti. Amama anasendera pafupi mpaka mpweya wawo unachita nkhungu pagalasi. Munthu uja anatuluka kuseri kwa migolo, anakoka mwendo, anafika, anakanda. Kunafiira.

"Mubwezenso," anatero amama.

Ndinayambiranso poyamba. Ulendo uno atatuluka, amama anaika chikhatho chawo pagalasi, pa vesiti yofiira paja, n'kuchisiya pomwepo mpaka kunafiiranso. Nyimbo ya maliro inkamveka kutali.

"Si iwowo, mwanangu," anatero. "Atate ako sanakudzerepo ndi manja otero."

Tinabwerera pang'onopang'ono, anthu akutiyang'ana. Nthochi ija inaikidwa m'manda pansi pa mtengo wa mbawa. Ine dothi sindinaponye, ndipo amama sindinawalankhule mpaka mvula itagwa. Mumtima ndinkati awataya atate kawiri, ndiponso anangopita kwa a Jowakimu kuti akanditseke pakamwa maliro ayende.

Tsopano mutu wanga wayera, ndipo ine mwini ndadulirapo anzanga mathunthu a nthochi. Ndikudziwa kuti munthu wa vesiti uja anajambulidwa ndi anthu akutali amene nyanja yathu sanaionepo. Amamanso ayenera kuti ankadziwa zimenezo tisanatuluke pakhomo. Koma munthu wongopita kukatsutsa mwana sathamanga choncho, ndipo sapempha kuti amuonetse kachiwiri.