Tsabola wa Agogo ndi Agologolo a ku Small Heath

Agogo Nachisale akandibwerera m'maganizo, limayamba kufika ndi fungo la jekete lonyowa limene ankayanika pa hita, losakanikirana ndi la mankhwala opaka m'mawondo. Kenako ndimamva chivindikiro cha poto chikumenyedwa ndi supuni kuseri kwa nyumba yathu ku Small Heath, ku England, m'mawa kukuzizira mpaka mpweya wa m'kamwa kumaoneka ngati utsi. Ndikasuzumira pa windo la chipinda cham'mwamba ndinkawaona ataima pakati pa kagadeni kathu, chitenje pamwamba pa buluku la amayi, masokosi awiriawiri m'masilipasi, akutukwana gologolo wotuwa amene wakhala pa mpanda mchira uli m'mwamba, akutafuna mopanda ndi manyazi omwe.

Ndinali ndi zaka khumi. Amayi anali nesi pa chipatala chachikulu cha ku Edgbaston, ndipo mashifiti ankawameza moti ankafika pakhomo ngati mlendo. Ndiye anaitanitsa agogo, mayi awo owabala, kuchokera ku Dowa kuti adzatisunge ine ndi mlongo wanga wamng'ono Chisomo. Musaganize za gogo wofatsa wa mawu okoma ayi. Agogo ankafwenkha fodya, ankakalipa, ndipo ine ankanditchula mkazi mnzawo, n'kumandinena kuti ndikunenepa ndi cholinga chowalanda mwamuna amene anamwalira ine ndisanabadwe. Chizungu sankachidziwa, basi ankaiopa, ndipo amayi anawalamula kuti munthu akagogoda asamatsegule. Ife tikapita kusukulu ankatsala okha ndi makoma. Tikabwerako, Chisomo ankawayankha m'Chizungu, iwo n'kumangomuyang'ana ngati wailesi yosokonekera.

Kumudzi agogo ankaweta nkhunda ndi nkhuku. Choncho atangozolowera kutsegula chitseko chakuseri anayamba kuwaza nyenyeswa za buledi ndi mpunga wotsala pansi, akuitana monga ankaitanira nkhuku zawo. Zinabweradi: njiwa zikuluzikulu, mpheta, ndi kambalame kena ka pachifuwa pofiira kamene anakatcha Kapitawo chifukwa kankapirikitsa anzake. Amayi ataona anati zowaza pansizo ziitana makoswe ndipo landilodi atithamangitsa. Koma anaonanso kuti nkhope ya agogo yayamba kumasuka, ndiye tsiku lina anabwera ndi chodyetsera mbalame cha m'shopu, kachidebe kataliko ka timabowo kamene kuno amati fida, pamodzi ndi mtengo wake wachitsulo ndi thumba la njere. Ichi ndikufuna muchigwire bwino: fidayo anagula ndi amayi okha, mtengonso anazika okha, agogo akuwalangiza poti auimike. M'dziko lonse la England chimenecho ndiye chinali chinthu chokhacho chimene agogo ankati changa.

Ndiye kunabwera agologolo. Fida yodzaza m'mawa, pofika masana inali mbee, njere zili mbwee pansi, mbalame zitakhala patali kumaonerera. Chimene chinkawawawa agogo si kubako kokha, koma chipongwe. Ankati gologolo wa kwathu amadziwa kuti ndi ndiwo, akamva phazi la munthu amasowa, chifukwa anyamata a malegeni ndi agalu anamuphunzitsa ulemu. Koma awa ankakuyang'ana m'maso uku akudya. "Dziko lanji ili," ankatero, "loti wakuba n'kunenepa kuposa mwini munda?"

Anayamba ndi chivindikiro cha poto chija. Agologolo anachizolowera, mwina ankayesa belu la chakudya. Kenako anapaka mtengowo mafuta ophikira, ndipo tsiku limenelo tinaseka mpaka Chisomo anagwa pampando, tikuona gologolo akukwera n'kumatsetsereka pang'onopang'ono atakumbatira chitsulo, nkhope ili yodabwa. Koma mvula ya kuno simachedwa, inatsuka zonse. Atatero anatenga beseni lakale la lata, n'kuliboola pakati ndi msomali, n'kulivundikira chapakati pa mtengo, monga ankachitira pa mizati ya khola la nkhunda kuti likongwe asakwere. Limenelo linagwira ntchito ndithu: gologolo akakwera ankagunda mutu kudenga n'kubwerera. Vuto linali kagadeniko. Nyumba za ku Small Heath n'zothithikana, gadeni yake yopapatiza ngati mzere wa mbatata, ndiye agologolo anangosiya kukwera n'kuyamba kudumpha kuchokera pa mpanda.

Kuseri kwa mpanda umenewo kunkakhala a Dennis, mzungu wachikulire amene anapuma ntchito ku fakitale ya magalimoto. Ankakhala okha, moni sankayankha bwino, koma agologolo ankawadyetsa mtedza pamanja ndipo aliyense anali ndi dzina lake. Agogo, amene anathyoka msana ndi kukumba mtedza moyo wawo wonse, ataona zimenezi koyamba anangogwira pakamwa. Anandituma kuti ndikafunse ngati bamboyo alibe adzukulu oti aziwapatsa mtedzawo. Sindinapite.

Nzeru ya tsabola inawabwerera akutsuka mbale. Anati kumudzi kukagwa chitopa ankathira tsabola m'madzi a nkhuku, ndipo nkhuku zimajompha tsabola pamtengo osamva kanthu, pamene galu akangonunkhiza amathawa akulira. Chamapiko sichimva tsabola, chaubweya chimamva. Nanga gologolo ndi chamapiko? Loweruka tinapita limodzi ku shopu ya amwenye ya pamsewu waukulu, ulendo umene agogo ankayenda atandigwira dzanja ngati ine ndiye wamkulu, n'kugula tsabola wouma. Anamusinja mu kamtondo kamene amayi anabwera nako kuchokera kumudzi, nyumba yonse tikuyetsemula, misozi ili chuchuchu, makapeti akununkha mpaka Lamlungu. Anasakaniza ndi njere zija, n'kudonthezera timafuta kuti tsabolayo amatirire.

M'mawa mwake tinaima pa windo la kukhitchini. Gologolo wamkulu anadumpha monga mwa masiku onse, analuma kamodzi, n'kuima. Kenako anayamba kudzipukuta kukamwa ndi timanja tonse tiwiri, anatsika, anakhuza mphuno pa udzu, n'kuliyatsa liwiro kulowera kwa a Dennis. Kapitawo anatera pomwepo n'kumadya ngati palibe chachitika. Agogo anamanga chitenje m'chiuno n'kuvina pang'ono pakati pa sinki ndi firiji, mawondo opweteka aja ataiwalika.

Masabata otsatirawo ndi amene ndimafuna ndizikumbukira okha. Ankatulutsa mpando n'kukhala panja ngakhale kuli mitambo, akusoka, akuyankhula ndi mbalame zawo, kuzidzudzula zikamakangana. Tikafika kuchokera kusukulu ankatifotokozera amene wabwera ndi amene sanaoneke, ngati akunena za anthu a kutchalitchi. Ngakhale Chisomo anaphunzira kunena kuti mpheta.

Tsiku lina a Dennis anatulutsa mutu pamwamba pa mpanda, nkhope itafiira, akuloza fida. Anati agologolo awo akudwala, ndipo zofiirazo akuziona, ndi poizoni. Ine ndiye ndinali womasulira wa pakhomo. Ndinawauza kuti ndi tsabola chabe, koma mawu a mwana wakuda wa zaka khumi anangowadutsa. Agogo anati ndiwauze kuti ngati akukayika abwere adzalawe. Koma a Dennis anali atalowa kale m'nyumba.

Patangopita masiku ochepa kunamveka kugogoda. Amayi anali atangogona pochokera ku shifiti, ndipo anatsika masitepe maso ali psuu. Pakhomo panali mayi wovala yunifolomu, wochokera ku bungwe loona za nyama. Anati alandira lipoti loti panyumba pano pali gogo amene akuthira poizoni m'zakudya za mbalame kuti aphe agologolo. Anafunsa dzina la amayi ndi ntchito yawo. Ndinamva mawu a amayi akusintha, kukhala aang'ono, opyapyala, aja ankayankhulira ndi azungu a udindo, pepani aliyense akupondana ndi mnzake, asanamve n'komwe kuti mlandu wake ndi wotani.

Tonse tinatuluka kuseri. Mutu wa a Dennis unali kale pa mpanda. Agogo anandikoka dzanja kuti ndiwauze zimene zikunenedwa, ndipo ndinawauza zonse osachotsera. Agogo anapita pa mtengo paja, anatsitsa fida, anakhuthulira njere m'dzanja mpaka kudzaza, n'kuponya zonse m'kamwa. Anatafuna ndi makoko omwe, pang'onopang'ono, misozi ikutsika m'masaya, maso ali pa a Dennis osaphethira. Atameza anatembenukira kwa ine.

"Uwauze kuti ndikafa asavutike n'kunditumiza ku Dowa. Andikwirire pompano, mbalame zanga zizidyera pamwamba panga."

Mayi wa yunifolomu uja ananunkhiza njerezo, anayetsemula, n'kuyamba kuseka. Anati palibe mlandu uliwonse, tsabola sapha gologolo, ndipo njere zothira kale tsabola zimagulitsidwa m'mashopu a ziweto chifukwa cha vuto lomweli. Anawauzanso a Dennis chimodzimodzi, iwo n'kutsitsa mutu wawo. Mayi uja anatsanzika bwinobwino, agogo anamugwira chanza, iye n'kumapita.

Ine ndinkayesa kuti tawina. Ndinathamanga kukauza Chisomo kuti agogo agonjetsa mzungu. Koma chakumasana ndinamva chitsulo chikulira kuseri, ndipo nditatuluka ndinapeza amayi akugwedeza mtengo uja uku ndi uku kuti uzuke, beseni litagwera pa udzu. Agogo anaima pakhomo, milomo idakali yotupa ndi tsabola. Anafunsa modekha, mosiyana ndi khalidwe lawo, kuti kodi mlandu sunathe, nanga wolakwa wapezeka ndani. Amayi anayankha osatembenuka. Anati dzina lawo tsopano lalowa m'kompyuta ya anthu aja moyandikana ndi mawu oti poizoni, iwo ndi nesi, amagwira mankhwala a odwala tsiku lililonse, mapepala athu okhalira kuno ali pafupi kutha, ndipo a Dennis akaimbanso foni kachiwiri palibe akudziwa kumene nkhaniyo ikafike.

"Amayi, kuno si kwathu," anatero kwa agogo. "Kuno wosalakwa ndi amene dzina lake silinatchulidwe."

Zikanathera pomwepo mwina bwenzi nditakhululuka. Koma madzulo ake amayi anagula bokosi la mabisiketi, anandiveka diresi la kutchalitchi, n'kunditenga kukagogoda kwa a Dennis. Ndinaima pamenepo ndikumva mayi anga, amene anachezera kutembenuza odwala a dziko lino, akupepesa kwa munthu amene anatinamizira. A Dennis analandira mabisiketiwo. Anati palibe vuto, kungoti anthu akabwera amayenera kuphunzira mmene timakhalira kuno. Amayi anati zikomo. Inu, anati zikomo.

Mbalame zinabwerabe kwa kanthawi. Kapitawo ankatera pa mpanda n'kumayang'ana dzenje limene munali mtengo. Agogo ankamuonera pa windo, koma panja sanatulukenso, mpando uja unangonyowa ndi mvula mpaka amayi anaulowetsa. Agologolo anapitiriza kudya mtedza wawo kuseri kwa mpanda, onenepa ngati kale. Za mkazi mnzawo zija agogo anasiya, anayamba kunditchula dzina langa lenileni, Tadala, ngati mphunzitsi. Chisanu chisanafike anauza amayi kuti akufuna kwawo, ndipo anapitadi. Anamwalira ku Dowa patapita zaka zingapo, ife tinangomva pa foni. Anthu a kutchalitchi kwathu mpaka pano amati agogo anabwerera chifukwa cholephera kupirira kuzizira. Limenelo ndi bodza, ine ndinalipo.

Lero ndimakhala ku Foleshill, ku Coventry. Ndinapeza satifiketi yanga ku koleji, ndimagwira ntchito yosamalira ana ku nesale, ndipo ndili ndi mwana wamkazi wa zaka zitatu, Takondwa. Pasipoti ya dziko lino ndili nayo. Koma ndiulule: munthu akagogoda mtima umandithawa. Takondwa akalira ndimayamba kuganiza za khoma ndi makutu amene ali kuseri kwake ndisanaganize chimene chikumupweteka. Munthu akandiponda mu basi, wopepesa ndimakhala ine. Sindinasankhe kukhala chonchi, ndipo ndikamuona mwana wanga akuyamba kunong'ona m'nyumba ya mayi ake ndimapsa mtima osadziwa woti ndimukalipire.

Chaka chino ndinagula fida. Ndisanaizike ndinawerenga pa intaneti, n'kupeza kuti ku America amalimbananso ndi zinyama zina zotchedwa rakuni, zokhala ndi manja ngati a mwana, ndipo malangizo ake kulikonse ndi omwewo: chotchinga chonga beseni pa mtengo, kuuika kutali ndi mpanda, tsabola m'njere. Amagulitsa m'mapaketi okongola. Ogulawo palibe amene amawaitanira a yunifolomu.

Mwezi watha amayi anabwera kudzacheza. Atangoiona fidayo pa windo anafunsa ngati maneba ndinawapempha. Ndinati sindinapemphe ndipo sindipempha. Kenako, kwa nthawi yoyamba, ndinawafunsa kuti kodi agogo analakwa chiyani.

"Sanalakwe," anatero, akumanga Takondwa nsapato. "Koma pasipoti uli nayoyo ukuyesa inagwa kumwamba?"

Mkwiyo sunachoke, unangosowa pokhala. Pepani amene ndinkamudikira sanabwere, ndiponso woyenera kumulandira ali m'manda ku Dowa. Amayi anadzuka, anamugwira Takondwa dzanja, n'kutuluka naye kuseri. Ndinawaona akutola kanjere kamodzi pa fida, kukaika pa lilime, n'kupukusa mutu. Anandiitana kuti tsabola wachepa, awa ndi masewera, agologolo azingondiseka.

Ndinatenga botolo la tsabola kukhitchini n'kutuluka. Katani ya pa windo la neba inagwedezeka, ndinaiona. Takondwa anali kundiyang'ana. Ndinatsegula botolo n'kuthira.