Manja a bambo anga

Bambo anga, a Yotamu, ankalima thonje kumudzi kwathu, ulendo wa theka la tsiku kuchokera pa siteshoni ya Balaka. Anali munthu wosalankhulalankhula, ndipo popereka moni ankangogwedeza mutu, manja ali kumbuyo. Anthu ankati ndi onyada. Ife a m'nyumba tinkadziwa kuti zikhatho zawo zinali zipsera zokhazokha. Ali mnyamata kwawo ku dziko la Apwitikizi anathawa ntchito yokakamiza, nagwidwa, namenyedwa ndi mbalamatodya, thabwa lija lamabowo lomenyera m'manja. Atathawanso kachiwiri anafika kuno, ndipo sanayang'anenso m'mbuyo.

Mu June 1948 kalata inabwera kuchokera ku Halale. Mlongo wanga Willard, amene ankagwira ntchito younika fodya, anali m'chipatala ndi chifuwa. Ndinawawerengera ndine. Mawu ake anali ochepa: "Ababa, bwerani ndikuoneni. Kuno kukuzizira."

Bambo sanazengereze poyamba. Anapita ku boma kukatenga chitupa, anagula bulangeti latsopano la Willard, amayi anakazinga mtedza namanga makaka. Ulendo wake unali wa masabata awiri basi, kuti abwerere msika wa thonje usanatseke. Anafunsa kalaliki wa pa siteshoni njira yonse, ndipo pobwera anaijambula ndi ndodo pabwalo: Balaka, Limbe, Chiromo, Port Herald, mlatho wa Zambezi, Dondo posinthira sitima, Umtali, Halale. Maiko atatu pa fumbi la pakhomo pathu. Nkhuku zikafafaniza, m'mawa ankajambulanso.

Koma ndodo ija ikafika pa Zambezi inkaima.

Tsiku la sitima yoyamba anati ali ndi chimfine. Yachiwiri anati thonje la kumunsi silinathe kutola. Ine mtima unandipsa, ndipo ndinawatsata kumunda.

"Ababa, mwana wanu akukudikirani. Kodi thonje ndi munthu?"

Anatambasula manja awo pamaso panga, chinthu chimene sanachitepo.

"Joanna, chitupa amapereka ndi chiyani? Msilikali wa Apwitikizi akaona izi adziwa kuti ndine wothawa. Anditsitsa pa Dondo, ndipo sindidzafika kwa Willard, kuno sindidzabwereranso."

"Papita zaka zoposa makumi atatu, ababa. Ndani akukukumbukirani?"

"Iwo saiwala."

Ndinawauza kuti afunse anthu amene anayendapo pa sitimayo. Anakana. Kufunsa kukanatanthauza kufotokoza, ndipo bambo akanalola kufa kusiyana n'kuti mudzi udziwe kuti anamenyedwa ngati galu. Ndiye nzeru inachokera kwa ine, ndipo mpaka lero imandiwawa. Ndinati ndiwalukira magolovesi monga tinaphunzirira ku mishoni. Ino ndi nyengo yozizira, palibe adzadabwe kuona nkhalamba itavala m'manja. Bambo anamwetulira koyamba chilandirire kalata ija.

Ulusi kusitolo ya Mmwenye unali utatha, tinadikira masiku asanu. Zala ndinali ndisanalukepo, ndinaphwasula kawiri. Sitima yachitatu inadutsa ndikulimbana ndi chala chachikulu.

Tsiku la ulendo linafika pakati pa July, kunja kuli mphepo ndi kamvula kowaza. Tinawaperekeza ine ndi amayi. Bambo anaima pa siteshoni atavala jekete la kutchalitchi ndi magolovesi ofiirira, bulangeti atalimanga ndi luzi, akutchula masiteshoni chapansipansi. Sitima yawo isanafike, inayamba kulowa yochokera kumwera. Mwa otsika munali a Jimu a m'mudzi mwathu, amene ankakhala chipinda chimodzi ndi Willard. Anali ndi masutikesi awiri. Imodzi ndinaizindikira, chifukwa chingwe chake ndinasoka ndine.

Amayi anakhala pansi pomwepo nayamba kulira. A Jimu anavula chipewa.

"Pepani, a Yotamu. Tinamuika Lachisanu lapitalo. Sitima iliyonse ankandituma kuti ndikaone ngati mwatsika."

Bambo sanalire. Anavula magolovesi aja pang'onopang'ono, nandipatsa, nalandira sutikesi ndi manja awiri, poyera, anthu onse akuona. Kenaka anafunsa ndi mawu otsika:

"A Jimu, pa Dondo paja, Apwitikizi amayang'ana m'manja mwa munthu?"

A Jimu anadabwa. "M'manja? Iyayi. Ngakhale kumaso sayang'ana. Amangodinda chitupa, n'kuitana wina."

Bambo anagwedeza mutu. Tinabwerera wapansi, iwo patsogolo, sutikesi pamutu, bulangeti m'khwapa. Titafika anatenga tsache kwa amayi nasesa okha pabwalo. Anakhala ndi moyo zaka zina zisanu ndi chimodzi, ndipo aliyense wobwera pakhomo ankamupatsa moni wa padzanja.