Nkhono za M'pepala la Shuga

Sabata yatha, pa maphunziro a aphunzitsi a pulayimale ku Mangochi boma, anatipatsa matabuleti ophunzitsira masamu. Ndinalakwitsa dala samu imodzi kuti ndione chichitike n'chiyani. Tabuletiyo inangoti, "Yesanso." Pomwepo linandibwerera fungo la nkhono zowola la kwathu ku Makanjira.

Ndili sitandade wani, aphunzitsi athu a Saidi anati tibweretse zitsekerero za mabotolo zowerengera. Golosale inali kutali, ndiye ndinakatola nkhono kunyanja, osadziwa kuti zina n'zamoyo. Ndinazisunga m'pepala la shuga pamodzi ndi kope. Zinkagwira ntchito ndithu: ndikazikankha ndi chala, yankho linkatuluka.

Tsiku lachitatu kunatentha. Ntchentche zinayamba kunditsata, anzanga atagwira mphuno.

"Iwe Esinati, kataye zimenezo kudzala," anatero a Saidi. "Ukabwera utiuze, seveni kuphatikiza faifi."

Nditabwerako ndinaima kutsogolo chimanjamanja, thukuta lili kamukamu, kalasi yonse ikuseka. Ine ndinkakhulupirira kuti manambala amakhala m'kati mwa nkhonozo, ndipo akununkha chifukwa afa. Kunyumba ndinauza mayi ndikulira kuti ndapha masamu anga. Kuyambira pamenepo masamu ndinkawaopa, ndipo ndinakula nazo.

A Saidi sanali ankhanza. Tinali ana odzaza mpaka pakhomo, iwo ali okha. Koma mawu aja akuti "yesanso" ndinawadikira zaka zonsezi kuchokera pakamwa pa munthu. Lolemba ana a m'kalasi mwanga adzawamva kwa ine, tabuleti isanayake.