Khomo la Kukhitchini ku Chiromo

Ntchito yanga yoyamba inali ya pa bwato, ndipo sindinaifune. Madzi atakokolola thonje lathu, malume ananditengera kudoko la Chiromo kwa a Zuze, mwini bwato. A Zuze anandiyang'ana m'manja, nati, “Manja a khasu awa. Chabwino, nkhafi iwaphunzitsa.”

Ndinayamba ndi kukapa madzi m'bwato ndi chigubu chodula pakamwa. Kenako anandipatsa nkhafi yopalasira pakuya, ndi nsungwi yaitali yokankhira posaya. Nsungwiyo umaitsamira ndi phewa, ukuyenda kuchoka kutsogolo kupita kumbuyo kwa bwato, ndipo ukachedwa kuizula m'matope imakusiya m'madzi. Ine inandisiyamo kangapo, a Zuze ali chikhakhali.

Kupatula kuwolotsa anthu ndi njinga zawo, tinkanyamulanso alendo okaona nyumba yaikulu ya azungu amalonda akale. Shire anaidyera njira, moti masiku ano imaoneka uli pamadzi basi. Alendo onse tinkawaimika kumaso kwake, komwe kuli masitepe ndi mizati, ajambule bwinobwino, kenako n'kubwerera.

Tsiku lina kunabwera mayi wina wa ku Ngabu atagwira dzanja bambo ake okalamba, a Alufandika. Maso awo anali atayera ndi ng'ala. Mayiyo anatinong'oneza kuti achipatala ati maso akutha, ndipo bambowo, amene anali khukhi m'nyumba ija ali mnyamata, akufuna aione asanalowe mumdima.

Ndinapalasa mosamala ngati ndanyamula mazira. Titafika kumaso kwa nyumba ndinazika nsungwi, bwato n'kuima.

“Agogo, nyumba yanu ija ndi iyi,” ndinatero monyadira.

Anasuzumira nthawi yaitali, akuphethira. “Si iyi, mwanangu.”

“Ndi yomweyi, baba,” anatero mwana wawo. “Onani mizatiyo.”

“Sindikuidziwa.”

Mayiyo anatembenukira kumbali n'kupukuta maso ndi chitenje. Ine mtima unandiwawa kwambiri, ndinkaganiza kuti tachedwa, maso aja apita kale.

A Zuze, ali kumbuyo, anaweramira kwa agogowo. Kenako anafunsa mofatsa, “Madala, munkalowera khomo liti?”

“La kukhitchini. Kumaso kunali kwa eni ake.”

Kuseri kwa nyumbayo sitinkapitako. Madzi a Ruo amakankha mwamphamvu pamenepo, namasupuni anatseka njira, ndipo mvuu zimakonda kugona pafupi ndi bango. A Zuze anayang'ana madzi, anayang'ana ine, nati, “Mphwanga, ika nkhafi pansi. Nsungwi basi, ndipo usagunde m'mbali mwa bwato.”

Kunena zoona mantha anandigwira. Ndinkang'amba namasupuni ndi manja, n'kukankha, bwato n'kusuntha pang'ono, madzi n'kutibwezanso. Matuza a m'manja anaphulika, nsungwi inayamba kuterera. Mvuu ina inapumira chapatali, mayi uja n'kugwira malaya a bambo ake. A Zuze ankangolozera ndi chibwano kolowera.

Titazungulira ngodya, dzuwa linabwera kumsana kwathu. Panaoneka khoma lakuda ndi utsi wakale, chumuni yothyoka, ndi kakhomo kakang'ono kopanda chitseko, madzi akunyambita sitepe yake.

A Alufandika anadzuka mpaka bwato linapendekeka. Ndinawagwira m'chiuno.

“Ndi iyi,” anatero. Analoza sitepe ija, n'kuuza mwana wawo kuti, “Amako ankakhala apo ndi dengu la nsomba. Tsiku lililonse ndinkati nsombazo n'zowola, kuti tikangane, achedwe kupita.”

Mayiyo anaseka misozi ikutsika. Anati nkhani imeneyo anali asanaimvepo chibadwire. Ndinazika nsungwi n'kuitsamira ndi thupi lonse kuti bwato lisasunthe, mapewa akuyaka, mpaka a Alufandika anathokoza, nati, “Takhuta. Ndaona. Tiyeni.”

Patapita miyezi ingapo mayi uja anadzera padoko akupita kumaliro tsidya. Anati bambo ake saonanso chilichonse, koma madzulo akakhala pakhonde amawafotokozera adzukulu za sitepe ija, osaphonya ngakhale mng'alu wake.

Lero ndili ndi bwato langa. Alendo ambiri amafuna mizati, ndipo ndimawapatsa mizati yawoyo. Koma akakwera munthu wachikulire wa kuno kwathu, wovala zake za tchalitchi, wosanyamula chojambulira, sindimufotokozera mbiri ya nyumbayo. Ndimayamba ndamufunsa kaye mbali imene ankaimirira, chifukwa makolo athu ambiri nyumba zazikulu anazidziwira kuseri.