Mwendo Wamanzere wa Mkazi Wanga

Pitani pa Migowi mukafunse amene anajambula chambo chija pakhoma la golosale, kapena mitu isanu ya pashopu yometera. Akuuzani kuti ndi ine. Zilembo ankachita kundilembera papepala, ine n'kumakopera ngati maluwa. Koma pa nkhope ayi, kuchokera pa Boma mpaka ku Fort Lister sindinaone wondiposa.

Chinandigonjetsa n'chimodzi. Mkazi wanga atamwalira, nkhope yake ndinkaijambula ngakhale nditatsinzina, koma mayendedwe ake anayamba kundithawa. Ndikamulota ankangoima m'munda wa nandolo, phiri la Michesi lili kumbuyo, osasuntha, ngati anthu anga a pakhoma aja.

Mwana wanga wamkazi, mphunzitsi, mayi wa ana atatu, anabwera patchuthi ndi laputopu. Anati muli pulogalamu yoyendetsa zojambula, ndipo nayenso anali atangoyamba kuiphunzira. Ndinajambula mayi ake, dengu pamutu. Iye anatola ndi foni n'kulowetsa m'makinamo. Kenako anati kuti chithunzi chiyende, tidule mikono payokha, miyendo payokha, mutu pawokha.

Ndinakana. Ndinalankhula mpaka nkhuku zinachoka pakhonde. Ndinamuuza kuti mayi ake si mbuzi ya pa Khirisimasi. Iye anangoseka, nati ndiye ndijambule chiwalo chilichonse papepala lakelake, tikalumikize mkatimo. Pamenepo ndinavomera, chifukwa kumeneko si kudula, n'kuumba.

Pansi pa galasi la laputopuyo pali mzere. Umaikapo kadontho pomwe mwendo uli kumbuyo, kena pomwe wafika kutsogolo, zapakati makina amadzaza okha. Chala changa chinazolowera bulashi, choncho poyamba mwendo unaulukira pamwamba pa phiri, dengu n'kutsala m'malere ngati mwezi wamasana. Tsiku lachitatu mkaziyo anayenda ndithu. Ankayenda mosalala, ngati tsamba pamadzi.

"Uyu ndi mkazi wa wina," ndinatero.

Mwana wanga anayang'ananso pagalasipo. Kenako anaulula kuti nayenso sakukumbukira mayendedwe a mayi ake.

Ndinatuluka. Linali dzuwa la masana, kamphepo kakuchokera pampata wa mapiri, makoko ouma a nandolo akulira tsekeretsekere. Ndinayenda kupita pamtengo wa mango, n'kubwerera, n'kupitanso, osaganiza kanthu. Ulendo wachitatu ndinadzigwira ndekha: ndikaponda kawiri ndimaima pang'ono. Ndinali ndikudikira munthu. Mwendo wamanzere wa mkazi wanga unkatsalira, anagwa m'ngalande ali mtsikana, ndipo zaka zonse zopita naye kutchalitchi ndi kumsika ndinkaudikira mwendowo. Mutu unaiwala, koma mapazi anga anali akadamudikirabe.

Ndinalowanso n'kukhala pa laputopu paja. Ndinakoka kadontho ka mwendo wamanzere kuti kachedwe pang'ono, pang'ono zedi, ngati kumeza malovu. Ndinapendeketsanso dengu, chifukwa linkapendekera komweko. Mwana wanga anadina.

Anayenda. Phazi, phazi, kachedwe. Phazi, phazi, kachedwe. Chitenje sichinkagwedezeka, mkono umodzi unali wolimba ngati mpini, koma anali iye, akuchokera kumunda madzulo.

"Ndi amayi, bambo," anatero mwana wanga, dzanja lili pakamwa.

"Bwereza."

M'makinamo amaponda kasanu ndi kamodzi basi, n'kuyambiranso, safika pomwe akupita. Zilibe kanthu. Masiku ano ndikamulota amatuluka m'nandolo muja akuyenda, ine ndili patsogolo pang'ono, ndikumudikira.