Setomenti Imene Ndinaiika mu Fulemu

Inu owerenga, ine ndi munthu amene ndinatsegula kalata ya mwini, n'kuwerengamo liwu limodzi lokha, kenako n'kukagula mbuzi yathunthu. Kuno ku Leicester dzina langa lenileni linaiwalika kalekale. Kutchalitchi, pabasi, ngakhale ana obadwira konkuno amene Chichewa chimawavuta, onse amandiitana kuti a Setomenti. Sekani ndithu, inenso masiku ena ndimaseka. Koma muwerenge mpaka pansi, chifukwa kusawerenga mpaka pansi ndi kumene kunandipweteketsa.

Ndimakhala ku Braunstone ndipo ndimagwira ntchito yonyamula katundu pakampani ina kunja kwa tauni. Koma pakati pa Amalawi anzanga ndinkadziona ngati katswiri wa mapepala. Anga ndinawapeza movutikira, zaka ndi zaka ndikudzaza mafomu, ndiye ndinkangoti uloya ndinaumaliza, chinangosowa ndi gauni. Munthu akatchula viza, ine ndinkayamba ndakhosomola, n'kuvala magalasi, kenako n'kuyamba kulangiza ngakhale asanandifunse.

Kwa inu amene muli kumudzi ndifotokoze. Kuno liwu loti settlement, ife timati setomenti, ndi liwu lopatulika. Ndi chilolezo chokhala m'dziko muno mpaka kalekale, osawerenganso masiku otsala pa viza. Anthu amasala kudya chifukwa cha liwu limeneli. Chimene sindinkadziwa n'chakuti Azungu ali ndi setomenti inanso, yosakhudzana n'komwe ndi mapepala.

M'nyumba mwathu tinkakhala ndi Tadala, mwana wa mlongo wanga wa ku Mchinji. Mayi ake anagulitsa malo a m'mbali mwa msewu kuti mwanayu adzaphunzire pa yunivesite ina ya chigawo chino. Atangofika, mliri wa korona unatseka chilichonse. Chaka chonse choyamba Tadala anaphunzirira m'kachipinda kathu kam'mwamba, laputopu ataiika pathebulo lositirapo zovala. Laibulale sanaione, kalasi sanalowemo. Chimene ankaona ndi chipumi cha aphunzitsi ake ndi mphaka wawo amene ankadutsa pakamera nthawi iliyonse akafika pa mfundo yofunika. Koma fizi ndiye inali yathunthu, osachotsako ngakhale ya mphakayo.

Patapita nthawi, ophunzira ambirimbiri anagwirizana, n'kupeza maloya, kuti asumire sukuluyo pamodzi iwabwezere gawo la fizi. Tadala anatiuza tikudya kuti nayenso walembetsa dzina pa intaneti. Ine ndinamuseka. Ndinati mlendo sasumira eni dziko, asiye zachibwana. Nkhaniyo ndinaiiwala tsiku lomwelo.

Anamaliza sukulu bwinobwino, n'kupatsidwa viza ija amapatsa omaliza maphunziro, imene imatha ngati shuga wa m'nyumba ya ana ambiri. Itatsala miyezi yochepa, njira inali imodzi: kupeza abwana omusainira kuti akhalebe pantchito, amene timati siponsa. Ine ndemwe ndinakagwada kwa mayi Nkhoma, namwino wa kwathu amene amayang'anira nyumba ina yosamalira okalamba ku Oadby. Mayiwa anachonderera eni ake mpaka anasunga malo amodzi a muofesi. Amodzi okha, ndipo owafuna anali ambiri. Chinatsala n'chakuti Tadala apite ndi mapepala ake akabwerako ku Derby, kumene anapita milungu iwiri kukasamalira gogo wina wa Chizungu panyumba pake.

Kalata inafika Lachiwiri m'mawa, Tadala ali ku Derby komweko. Pa envelopu panali dzina lake. Koma inu mukudziwa mmene ife amalume tilili. Ndinati ndine mwini mbumba, kalata ya mwana ndi yanga yomwe. Ndinang'amba. Magalasi ndinali nditawaiwala kuntchito, ndiye timalemba ting'onoting'ono tinkangooneka ngati nyerere. Koma mutu wake unali wa zilembo zikuluzikulu, ndipo pakati pake panali liwu lija: SETTLEMENT. Pansi pake dzina la Tadala. Pakona kachizindikiro ka sikelo, kamene ine ndinati ndi chidindo cha boma.

Ndinagwada pakhonde la m'nyumba pomwepo, pakati pa nsapato, n'kulira ngati mwana.

Akazi anga, amene ndi namwino, anali akuthamangira basi ya kuntchito. Anandipeza ndili chogwada, ndipo nditawauza anaima chikwama chili paphewa.

"Bambo a Chisomo, mwaiwerenga yonse? Zaka za sukulu siziwerengedwa pa setomenti, si inu nomwe mumauza anthu zimenezo?"

Ndinawayankha kuti malamulo asintha, iwo satsata nkhani, amangodziwa majakisoni. Anafuna kuitenga kalatayo koma ndinaibisa kumbuyo, ndipo basi inali itayandikira. Ndinawalumbiritsa kuti asamuuze Tadala, chifukwa ndinkafuna kumudzidzimutsa ngati mmene amachitira pa TV.

Tsiku lomwelo ndinakagula fulemu yagolide. Kalata inali yaitali kuposa fulemuyo, ndiye ndinaipinda bwinobwino kuti mutu ndi dzina zionekere, nyerere zonse zija n'kupita kumbuyo. Magalasi ndinakawatenga mawa lake, koma ndani amamasula fulemu yoti wakhoma kale pakhoma?

Kenako ndinayamba mafoni. Woyamba anali mlongo wanga ku Mchinji. Nthungululu yake inatsala pang'ono kundiboola khutu. Lamlungu anapita kukapereka umboni kutchalitchi, tambala wamkulu wa pakhomo n'kukamusiya kwa abusa ngati chothokozera.

Wachiwiri, inu owerenga, anali mayi Nkhoma. Ndinawauza kuti malo aja apatse wina wovutika, ife Mulungu watilowetsa pakhomo lalikulu. Mayiwa anandifunsa katatu ngati ndikunenetsa, ndipo anati ndibwino ayankhule ndi mwini wakeyo. Ndinawaletsa, ndinati aononga sapulaizi. Ndinawakumbutsanso kuti pa nkhani ya mapepala, mu Leicester muno palibe wondiposa. Anati chabwino, pali mwana wa a Zulu, anzathu a ku Chipata, amene viza yake inali kutha sabata yomweyo.

Mulungu ananditumiziranso chenjezo lina, ine n'kulikankha. Mbuzi ndinakagula ku Spinney Hill, kwa mmwenye wina wobadwira ku Limbe amene Chichewa chake chimaposa cha ana anga. Akudula nyama ndinamuuza nkhani yonse monyada. Anaimitsa mpeni.

"Achimwene, setomenti pa viza ya sukulu? Ife mu bizinesi tikamati setomenti ndiye kuti mlandu wathera panja pa khoti, wina alipira mnzake. Kaonetsetseni bwino."

Ndinamuuza kuti adule nyama, za malamulo asiyire ife. Mumtima ndinati nsanje basi, anthu safuna mnzawo atukuke.

Loweruka limene Tadala ankabwerako ku Derby nyumba inadzaza. Amayi a kutchalitchi anabwera ndi mapoto a mpunga, a Zulu anabwera ndi sipika yawo yaikulu ndi mwana wawo uja atavala suti, mayi Nkhoma anabwera ndi keke. Ine ndinavala jekete la ukwati limene mabatani ake anasiya kugwirizana nane. Tadala anatsika basi ali wotopa, kachikwama kumsana, n'kungoona amayi ayala zitenje kuyambira pageti mpaka pakhomo, akuimba ndi kuvina. Mzungu woyandikana nafe anasuzumira pawindo kuganiza kuti kwabwera mkwatibwi.

Ndinayankhula kwa mphindi zosachepera makumi awiri. Ndinafotokoza mmene ndinamulandirira mwanayu pabwalo la ndege, mmene ndinamulangizira, ndipo ndinaponyako mawu kwa ena amene amakayikira nzeru zanga. Pomaliza ndinachotsa fulemu pakhoma n'kumupatsa ndi manja awiri.

Tadala anaiyang'ana nthawi yaitali. Anaitembenuza, n'kutsegula timisomali takumbuyo ndi chikhadabo, n'kutambasula kalata ija. Anawerenga milomo ikugwedera. Ine ndinkati ndi chisangalalo.

"Malume, iyi ndi ya fizi."

Ndinati fizi yanji.

"Ndi maloya aja. Yunivesite yavomera ku-settle mlandu wa online classes. Atibwezera kachigawo ka fizi ya first year. Si ya Home Office iyi, malume, si ya boma."

A Zulu ndiwo anayamba kuphulika. Anaseka mpaka mpunga unawalowa kolakwika, anthu n'kumawamenya pamsana. Amayi amene anayala zitenje anayamba kuzitola akugwa ndi phwete. Akazi anga anangolowa kukhitchini n'kutseka chitseko, koma ndinkawamva. Tadala naye anaseka mpaka misozi, atandigwira dzanja, akuti malume inu ndiye ayi. Ndinayamba kusekanso ndi ine, ndikuganiza kuti chatayika ndi ulemu ndi mbuzi basi.

Ndiye Tadala, akupukuta misozi, anatembenukira kwa mayi Nkhoma.

"Anti, musadandaule, Lolemba ndibwera ndi ma documents aja m'mawa."

Mayi Nkhoma anaika mbale pansi n'kundiyang'ana ine. Mwana wa a Zulu anayang'ana nsapato zake. Wina anathimitsa sipika. Ndinaona nkhope ya Tadala ikusintha pang'onopang'ono pamene ankayang'ana mayiwo, n'kuyang'ana ine, ndipo ndinalakalaka pansi patang'ambika. Sindinachitepo mantha ndi manyazi otero chibadwire.

Lolemba ndinakwera mabasi awiri kupita ku Oadby. Ndinagwada pamalo oimika magalimoto, agogo a Chizungu akundionera pamawindo. Mayi Nkhoma anandidzutsa, anati zimene ndikuchitazo ziwachotsetsa ntchito. Chikalata cha siponsa chinali chitatuluka kale m'dzina la mwana wa a Zulu, ndipo iye anali atatumiza kale fomu yake. Sakanamulanda, ndipo kunena zoona inenso sindikanafuna kuti alandidwe, poti anali mwana wa munthu ngati wathu yemwe. Malo ena panalibe.

Miyezi yotsalayo tinayendayenda. Tadala analemba makalata ofunsira ntchito osawerengeka, Nottingham, Northampton, kulikonse. Ena ankamufuna koma osafuna za siponsa. Ine, katswiri uja, ndinangokhala wonyamula maenvelopu kupita nawo ku positi, osaloledwa ngakhale kumata sitampa.

Foni yovuta kwambiri inali ya ku Mchinji. Ndinazungulira, ndinayamba ndi za mvula, za mitengo ya feteleza, mpaka ndinanena. Mlongo wanga anangondifunsa ngati ndikufuna apite kwa abusa akaitanitse tambala uja, kapena ndipita ndekha. Mpaka lero akandiimbira sayamba ndi moni, amayamba ndi kufunsa ngati ndavala magalasi.

Ndalama ya setomenti ija inabweradi. Maloya atatapapo gawo lawo, yotsalayo inakwanira tikiti ya ndege yopita ku Lilongwe ndi chikwama chimodzi choonjezera. Malo a m'mbali mwa msewu aja sakanawomboledwa nayo, ngakhale ngodya yake.

Chimene chimandipweteka n'chakuti Tadala sanandinyoze ngakhale tsiku limodzi. Akanandikalipira mwina mtima ukanapepuka. Tsiku lonyamuka tinamuperekeza kokwerera basi ya ku bwalo la ndege. Atakumbatira azakhali ake, anatulutsa kaphukusi m'chikwama n'kundipatsa.

"Malume, setomenti yanga ndikukaipangira kwathu, musadandaule kwambiri. Koma iyi mukaikhome pomwe inali paja."

Inali fulemu yagolide ija. Kalata anaibwezeramo, koma anaipinda mwina: mutu waukulu uja kumbuyo, timalemba ting'onoting'ono kutsogolo. Ndinaseka, iyenso anaseka, basi n'kunyamuka. Ndinalira njira yonse yobwerera ku Braunstone, fulemu ili pamiyendo.

Pano Tadala akugwira ntchito ku Lilongwe ndipo akuti zikuyenda. Mwina akanabwerera ndithu tsiku lina mwa kufuna kwake. Koma kusankha kumeneko kunali kwake, ndipo ine ndinamulanda ndi foni imodzi.

Ndiye inu owerenga, makamaka amalume ndi azakhali anzanga amene mukusunga ana a abale kunja kuno, ndimvereni. Kalata yolembedwa dzina la mwana ndi ya mwanayo, ngakhale akudya zanu ndi kugona m'nyumba mwanu. Liwu la Chingerezi limene mukulidziwa bwino lingakhale ndi tanthauzo lina limene simunakumane nalo. Akazi anu, ogulitsa nyama ndi anamwino akakufunsani funso limodzimodzi, si nsanje. Ndipo musamakanire munthu mwayi wake iye asakudziwa, ngakhale mutamukonda chotani. Ana anu akakuuzani kuti alembetsa nawo mlandu wa fizi, mvetserani, kuti kalata ikadzabwera musadzagule mbuzi.

Fulemu ija ili pakhoma pabalaza mpaka lero, akazi anga anakana kuti ichoke. Tsiku limene ndinaikhomanso ndinavala magalasi n'kuwerenga nyerere zonse zija koyamba. Zonse zinalembedwa momveka bwino, za fizi, za maphunziro a pa intaneti, za maloya. Ndipo mzere womaliza, umene Tadala anaudula mzere kunsi ndi bolopeni yofiira, umati ngati pali chimene simunamvetse m'kalatayi, funsani kaye musanachite chilichonse.